Mfungulo

Lachiwiri lililonse ndimakwera matakisi awiri
kuchoka ku Turffontein kupita ku Bara,
chala m'mwamba m'mbali mwa msewu, pakamwa phee,
poti kuno ku Joni ngakhale dzanja lili ndi chinenero chake.

Malume Jerevazio anali ndi malilime asanu.
Mtengo wa nsalu ankanenerera m'Chizulu,
apolisi ankawapepesa m'Chisutu,
makasitomala ankalandira Chingerezi chositasita,
Chibunu ankasungira makina osokera akadula ulusi.
Chichewa chinali cha usiku,
cha foni yopita ku Mtakataka.
Zaka makumi atatu ku Jeppe, mapini ali kukamwa,
mawu ankatulukabe m'mbali mwa milomo osapondana.

M'mawa wina wozizira sizasi inagwa pansi.
Dzanja lamanja linakana kuitola.

Dokotala anandionetsa chithunzi pagalasi lowala:
ubongo wa malume, ngati kabichi wodula pakati,
kumanzere kuli kabanga kakuda
kosaposa ndalama yachitsulo.
Apa, anatero, ndi pomwe magazi anaima.
Mawu alimo. Wagumuka ndi msewu.
Ndinayang'anitsitsa kabangako
osamvetsa kuti katundu yense uja
ankawolokera pa kamlatho kochepa chonchi.

Sisi Nolwazi, wophunzitsa akuluakulu kuyankhulanso,
amaika kiyi patebulo.
Ichi n'chiyani, baba?
Malume akuidziwa. Maso awo akuidziwa.
Dzanja lamanzere likupotokola loko wosaoneka.
Milomo ikudzikonza, lilime likugogoda kumano,
kenako chotuluka:
Batani.
Adzimva okha kuti aphonya.
Ayi. Ayi. Batani.
Thukuta kamukamu pamphumi,
ngati anyamula thumba la simenti.

Kapu ndi batani. Windo ndi batani.
Inenso, Mwandida, mwana wa mlongo wawo,
amene anandilandira ku Park Station ndi jekete m'manja,
ndine batani.

Komatu tsiku lina namwino ataphonya mtsempha
Chibunu chija chinatuluka chathunthu, chonona,
wodi yonse kuseka mpaka misozi.
Ndipo mukangowayambira kuti Lolemba,
amatsetsereka okha mpaka Loweruka
ngati ngolo yopanda mabuleki.
Muwafunse lero ndi lachingati: zii.
Ndiye kuti m'mutumu muli tinjira tambiri,
tina ta mkwiyo, tina ta chizolowezi,
tosadzera pa mlatho uja.

Pobwerera ndimaima pamzere ku Bree
n'kumaganiza kuti mawu awo ali chonchi:
onse alipo, atopa, akudikira,
koma takisi ikubwera imodzi yokha
ndipo amalowa ndi yemwe uja wayandikira chitseko.
Kondakitala wa mzere akandifunsa kopita
yankho limatumphuka ndisanalitume.
Walisankha ndani? Walivala Chizulu nthawi yanji?
Ndimagwira mutu wanga kumanzere, pamwamba pa khutu,
ngati mmene umagwirira thumba m'chigulu cha anthu.

Sabata yachisanu ndi chinayi.
Kiyi yomwe ija, tebulo lomwe lija.
Malume akutsinzina nthawi yaitali.
Ndikuona khosi likugwira ntchito,
munthu akuzungulira kutali, kulambalala pogumuka,
kudutsa Beitbridge, kudutsa Tete, wapansi,
mpaka pakhomo lina la malata a dzimbiri
pomwe kamnyamata kanapatsidwa chingwe chovala m'khosi.

M... mfu...
Mfungulo.

Liwu lomwe ine sindinalimve chichokereni kwathu.
Ngakhale kwathuko timangoti kiyi.

Sisi Nolwazi akupukusa mutu mwachisoni,
akuyesa ndi phokoso lina la ubongo wovulala,
cholembera chikutsikira pa bokosi la zolakwa.
Ndinamugwira dzanja.
Ndinafuna kumufotokozera m'Chingerezi,
m'Chizulu, m'chilichonse,
koma pakamwa panga panali gwa,
mawu onse atathithikana pachitseko.

Malume anandiyang'ana, mbali imodzi ya nkhope ikuseka.
Anakankhira kiyi ija kwa ine.
Batani, anatero.